Kawaya Kamene Ndinkamasula Dala

Nthawi ya chipani chimodzi ndinali dalaivala ku Chitipa. Poti ndinachokera ku Zomba, anthu ankandipewa, kuganiza kuti ndine kazitape. Wocheza nane anali a Msukwa okha, amakaniko.

Tsiku lina magalasi amagetsi a galimoto ya abwana anakana kukwera. A Msukwa anasintha fyuzi, kenako tinamwa tiyi akundiphunzitsa Chitumbuka.

Ndinayamba kumasula dala kawaya ka pachitseko kuti ndizipita ku galaja yawo. Abwana atameza fumbi mpaka ku Kaseye, anakawakalipira a Msukwa: "Simudziwa ntchito! Galimoto isadzabwerenso pano!"

A Msukwa anandiyang'ana, n'kungothokoza abwanawo m'Chitumbuka kuti, "Yewo, bwana."

Ine ndinangokhalira kupukuta chiwongolero choyera kale. Mpaka pamene ndinasamutsidwa, ndinkalambalala galaja yawo ngati wakuba.