Amalume Akana Kusintha Lilime

Mwaswera bwanji nonse.

Ndangofika kuchokera ku holo ya m'dera la Kuwadzana kuno kudziko la eni, komwe amalemekeza alakatuli ophunzitsa ana ndakatulo. Amalume anu a Jailosi anali m'gulumo, Mulungu alemekezeke.

Woyendetsa mwambo, powatchula agogo m'Chishona, anati, "Sekuru, mulakatule m'Chishona kuti anthu amve."

Amalume anamuyang'ana. "Mwanawe, nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu misonkhano italetsedwa, ndinkalakatula pamaliro ku komboni ya Lochinvar m'Chinyanja, apolisi ali pageti. Iwowo sanandisinthitse lilime, ndiye ukhale iwe?"

Analakatula m'Chinyanja chathu, mawu ali nganganga. Ana amene amawaphunzitsa ankavomereza mzere uliwonse. Ine misozi.

Tsopano alamu anga akuti amalume atichititsa manyazi, akapepese. Ine ndakana. Inu mukuti bwanji? Munthu apepese chifukwa cha chilankhulo chimene anayamwira?