Mabodza a Ogulitsa Masitiroberi ndi Digiri ya Sheila

Sheila, mwana wa mlongo wanga, anabadwa ndi matenda ofunsa. Ana anzake ukawapatsa peyala amangodya, koma iye ankayamba wafunsa kuti mtengowo unabereka bwanji chaka chatha. Ine malume ake sukulu ndinalekezera Sitandade faifi n'kupita kukacheka mapaini pa Phiri la Zomba, ndiye ndinkangomuuza kuti akafunse mtengo womwewo.

Mayi ake, a Selina, amagulitsa masitiroberi ndi magalagadeya m'mbali mwa msewu wokwera phiri. Sheila anakulira pomwepo, kuthamangira magalimoto a alendo kadengu kali m'manja. Anaphunzira ku sekondale ya Masongola, kenako anapita ku yunivesite n'kubwerako ndi digiri ya zamalonda. Tinavina, tinalulutira, koma ntchito osaoneka. Mapeto ake anakhala pa kauntala m'sitolo ya a Aslam m'tauni muno, kugulitsa misomali ndi penti.

Tsiku lina anandipeza ndikunola chikwanje pakhonde ku Chinamwali.

"A malume, ndikubwerera kusukulu."

"Digiri ija yasasa kale? Ndimayesa siziwola zimenezi."

"Ndikufuna yachiwiri, ya masitasi. Ndikaphunzire kusanthula deta ya zamalonda."

"Deta ndiye chilombo chanji?"

"Ndi manambala amene bizinesi imasiya m'mbuyo ngati mapazi pa matope. Mukadziwa kuwawerenga, mumadziwa kumene yachokera ndi kumene ikulowera."

Ndinati, "Ndiye ukukaphunzira ulenje, mwanawe." Anaseka, koma ntchito ya kwa a Aslam anaisiyadi. A Aslam anamudandaula kwambiri, poti ndi iye anawaonetsa kuti penti amayenda mvula ikatha, osati nthawi imene iwo ankadzaza naye mashelefu.

Sukulu inayenda bwino mpaka pa kafukufuku womaliza. Kampani ina ya ku Blantyre, yogula zipatso n'kumaperekera m'masitolo akuluakulu, inkafuna kudziwa kuti phiri lathu limatulutsa masitiroberi ochuluka bwanji ndiponso miyezi iti. Sheila anatenga funso limeneli kukhala mutu wa kafukufuku wake. A kampaniwo anamuuza poyera kuti akawapezera yankho lomveka, n'kukhoza chaka chomwecho, mpando wa wosanthula deta ndi wake. Akachedwa, apatsa wina. Ndiye mwana anali atasiya ntchito, kumbuyo kulibe, kutsogolo n'komweko.

Anakwera phiri atavala jekete la buluu lolembedwa kumsana, tabuleti yolembamo mayankho ili m'manja. Funso lake loyamba linali lakuti, "Dzina lanu ndani?"

Apa ndi pamene zinapindika. Kuno kwathu munthu wovala jekete lolembedwa, wofunsa mayina, ndi wa bungwe. Ndipo aliyense amadziwa kuti wa bungwe akadutsa, m'mbuyo mwake mumabwera ufa, feteleza kapena mabulangete. Komanso aliyense amadziwa kuti thandizo silipita kwa wopeza bwino. Ndiye phiri lonse linasauka tsiku limodzi. A Dan, a dimba lalikulu cha ku Mulunguzi, amene ali ndi njinga yamoto, anati amakolola kadengu kamodzi, zina zonse anyani amatha. Azimayi amene amuna awo ndimamwa nawo tiyi anasanduka amasiye. Ngakhale a Selina anachepetsako.

"Amayi, inunso mukundinamiza ine?"

"Nanga anzanga onse alandire, ine ndimanidwe chifukwa ndinakubereka? Talemba zomwe ndanenazo, iwe."

Sheila atathira zonse mu laputopu, manambala anakana kugwirizana. Malinga ndi mayankhowo, phiri lonse linkakolola zochepa kuposa zimene iye ankaona zikulowa m'magalimoto Loweruka limodzi. Aphunzitsi ake omuyang'anira anapukusa mutu. Anati deta yonseyo ndi yowola, nthawi yatha, bola asinthe mutu wa kafukufuku adzamalize chaka chamawa.

Ndinamupeza atakhala pa mpando, maso ali gwa pa laputopu.

"Bwanji a dokotala a manambala? Mapazi aja akulowera kuti?"

"Akulowera ku bodza, a malume. Koma chaka chamawa ine ayi. Ndimaliza chaka chino."

Anayamba wapempha mpata kutchalitchi cha kuphiriko, n'kulengeza kuti iye si wa bungwe, palibe ufa ukubwera. Anthu anagwedeza mitu mwaulemu. Potuluka ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti, "Amatero dala kuti tisachuluke."

Pamenepo mwana anasiya kufunsa. Jekete analipinda, tabuleti anaisiya kunyumba, anamanga chitenje. Anabwereka sikelo kwa a Aslam n'kukaikhazika pa khona pamene ogulitsa amatulira madengu akamachokera kumadimba. Aliyense wofuna kudziwa kulemera kwa dengu lake ankamuyezera ulere, dzina osafunsa. Tsono munthu wa pa phiri akhoza kubisa chuma kwa mlendo, koma pamaso pa mnzake safuna kuchepa. A Dan omwe aja a anyani ankabwera ndi madengu mpaka njinga kulira, n'kumakuwa kuti, "Tayezani apa a Sheila, ena aone mmene amalimira amuna!"

Sheila ankalemba makilo, nyengo ya tsikulo, ndi magalimoto okwera. Kukagwa nkhungu ya chiperoni, iye ali pomwepo, milomo ikunjenjemera. Ndinamuuza kuti adzalandira digiri ya chifuwa. Anati bola ikhale ya chaka chino.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mabodza aja sanawataye. Ine ndinati afufute, asachititse manyazi mayi ake. Iye anati bodza nalonso ndi deta. Ogulitsawo ankawadziwa nkhope kuyambira ali mwana, ndiye anaika zimene aliyense ananena pambali pa zimene sikelo inaonetsa, mayina n'kuwachotsa. Anapeza kuti anthu sanama mwachisawawa. A madimba aakulu ndi amene ankachepetsa kwambiri. A madimba a m'mbali mwa msewu, poti aliyense amawaona, ankachepetsa pang'ono. Kuchokera pamenepo anakonza njira yowongolera mayankho a alimi, kuti ngakhale kumene kulibe sikelo munthu athe kuyandikira choonadi.

Tsiku lokateteza kafukufuku pamaso pa aphunzitsi ndinamuperekeza, nditavala jekete langa la maukwati ndi maliro. Sanandilole kulowa, ndiye ndinakhala pa benchi pafupi ndi zenera, khutu lili tcheru. Chingerezi chambiri chinandidutsa, koma ndinamva kuseka, kenako mafunso ngati matalala. Mawu a Sheila sanagwedere.

Atatuluka, panatulukanso mayi wina wa ku kampani ija, amene anabwera kudzamvera nawo. Anandipatsa moni, n'kunena kuti iwo akhala akutumiza anthu kwa alimi a tomato ndi a mbatata, mayankho n'kumabwera osokonekera, osadziwa chifukwa chake.

"Ndiye mwana wanuyu tikumufuna mwezi wamawa, bambo. Si za masitiroberi okha ayi. Akaone deta ya alimi athu onse."

"Mutengeni, mayi," ndinatero, "koma mukonzeke. Ameneyu amafunsa mpaka mutu kuwawa."

Lero Sheila ali ku Blantyre, ali ndi desiki yake ndi makompyuta awiri, ngati imodzi siyikwana. Galimoto ya kampani imakwera phiri pa miyezi imene iye anawerengera, ndipo masitiroberi otayidwa m'ngalande achepa. Akuti tsopano akuphunzitsa kompyuta kulosera mitengo ya tomato mvula isanagwe. Nditamuimbira foni ndinamufunsa ngati masukulu atha tsopano, tipume.

"Sanathe, a malume. Ndikusunga mphamvu za udokotala."

"Ndiye ufulumire, mwanawe, ndidakali ndi mano odyera nkhuku ya paphwando."

"Mano anuwo ndawaika kale m'mawerengero," anatero. "Tidzakuphikirani chiwindi."