Mawa Tipitiriza

Kuseri kwa mpanda wathu ku Mirrabooka, kuno kutsidya kwa nyanja, kumakhala agogo ena achimwenye, aphunzitsi opuma pantchito. Chitsekereni malire chifukwa cha korona, adzukulu awo a ku Melbourne sabweranso, ndiye ana asukulu awo tsopano ndife. M'mawa uliwonse amathirira tsabola, masiki ili pachibwano, uku akutiphunzitsa mbiri ya India m'Chingerezi. Lero atiuza za mizinda yakalekale ya m'mbali mwa mtsinje wa Indus, mawa za mfumu imene inaleka nkhondo itaona mitembo, mkuja za ulamuliro wa Angerezi. Akamaliza amati, "Mawa tipitiriza."

Loweruka lina ine ndi amuna anga, a Flywell, tikuyanika zovala, agogowo anayamba kufotokoza mmene dziko lawo linagawidwira pakati mu 1947. A Flywell anandiuza m'Chichewa, osatsitsa n'komwe mawu: "Mwenyeyu watitopetsa. Akanangotsegula sitolo ngati anzake." Ine ndinaseka.

Agogowo anatseka mpopi.

"Sitolo bambo anga anali nayo, ku Limbe," anatero m'Chichewa chomveka bwino. "Ndinakulira kuseri kwa kauntala. Anthu ankafunsa mtengo wa mchere, koma kumene tinachokera palibe anafunsapo."

Tsiku limenelo sananene kuti mawa tipitiriza.