Makina Osokera Anatsala pa Sikelo

Ndege ya kampani imene inkatitengera kwathu ku Malawi sinali ngati zinzake zonyamuka tsiku ndi tsiku. Inali yahayala. Akuti inayamba ndi kunyamula amuna okumba mafuta m'chipululu, kenaka matimu a mpira, ndipo malonda atavuta inatembenukira kwa ife antchito a m'nyumba. Bambo wina ku Karama, dera lina la mumzinda wakunja umene tinkagwiramo ntchito, ankalemba mayina, mukakwana ndiye ndege ibwere. Tinkainyoza chaka chonse, koma tchuthi chikafika tonse tinkathamangira komweko poti inali yotchipa.

Ine ndinali nditalera ana a eni ku Al Muraqqabat zaka ziwiri osaponda kwathu. Mwana wanga wamkazi anali atamaliza kuphunzira zosoka, ndipo ndinamulonjeza makina osokera. Ndinagula, n'kuwakulunga bwinobwino m'bulangete.

Koma kuno ukangonena kuti ukupita kumudzi, Amalawi onse amasanduka abale ako. Potuluka m'tchalitchi, uyu kaphukusi, uyo kaphukusi. "Asisi, n'kopepuka aka." Kopepuka chiyani! Nsapato, mafuta onunkhira, mapoto, wina mpaka mpunga. Mpunga kupita nawo ku Malawi! Kukana sungakane, mawa udzafuna kutumiza iwenso, ndiponso mbiri yako ingaipe pagulu lonse.

Tsiku la ulendo, titafika pabwalo la ndege, tinamva kuti atumiza ndege ina yaing'ono, choncho aliyense achepetse katundu. Osatiuza dzulo lake bwanji? Mayi wa pasikelo sanafune n'kumva komwe, anangoti basi, ndifulumire, uku akusakaniza ndi chilankhulo chawo.

"Khalas, mama. Chotsani china, yalla."

Ndinatsegula chikwama pansi pomwepo, anthu akundilumpha. Phukusi lililonse linali ndi dzina la mwini wake ndi nambala ya wachibale wodzalandira. Chopanda dzina chinali chimodzi chokha, changa. Ndinapereka makina aja kwa mnzanga wa ku Zambia amene anandiperekeza, ndipo mpunga wa eni unakwera ndege. Mpaka lero ndimadzikwiyira.

Ku Lilongwe achibale a anthu aja anali atandanda kale pakhomo. Aliyense anatenga chake, wina n'kumadandaula kuti botolo lake latayikira. Mwana wanga anadikira kuti onse athe, uku akusuzumira m'chikwama chomwe chinali chitaphwa.

"Amayi, makina atulukira khomo lina?"

Ndinamuuza kuti abwera pa ndege yotsatira. Anafunsa kuti ibwera liti.