Mpira wamtengo umene munandisemera

Amalume, lero ndimalongedza katundu kuno ku Tyrrelstown, ndiye pansi pa katoni ndapeza mpira wamtengo uja. Inali nthawi ya recession, chuma chitagwa, ntchito zomanga zitaima, inu kalipentala mukungokhala pakhomo ku Rathmines. Ine mutu unali utazungulira ndi masewera a American football, ndikutolera tinthu ta masewerawo topangidwa pamanja, zipewa zoluka ndi tizisoti tadongo. Munabwera Loweruka masana anzanga atadzaza m'nyumba, mphatso mutaikulunga m'nyuzipepala. Munati, "Mphwanga, uike pa shelefu pako paja." Nditatsegula ndinaphulika kuseka. Ndinati, "Amalume, uwutu ndi wa rugby, wathu umakhala wosongoka." Anzanga anaseka nawo. Inunso munaseka pang'ono, munapukuta manja pa thalauza, kenako munati basi ikusiyani. Tiyi amene ndinakuthirirani simunamwe.

Pamaliro panu anti, akazi anu, anandiuza kuti mpirawo munausema katatu. Akuti munkayenda wapansi kupita ku laibulale kukaona chithunzi pa kompyuta, poti masewerawo simunkawadziwa n'komwe. Ndinawafunsa kuti tsiku lija munafika kunyumba mukuti chiyani. Anati, "Anabwera akumwetulira, amvekere mphwanga waukonda kwambiri." Mwano wanga munaubisa ngakhale kwa akazi anu, mpaka lero iwo amanditenga ngati mwana waulemu. Zaka zonse zija ndinkakuonani kutchalitchi, tinkapatsana moni, koma pakamwa panga sipanatuluke mawu amodzi okhawa. Pepani, amalume. Gonani mumtendere.