Mchira Wautali ndi Mchira Waufupi

Chaka chomwe ndinagwa panjinga nditanyamula feteleza, ndinatuluka m'chipatala cha ku Mpanshya ndili ndi chikhakha mpaka m'bondo. Kumunda sindikanatha kupita. M'mawa uliwonse akazi anga ankandiikira mpando pansi pa msuku wakuseri kwa nyumba, iwo n'kunyamula khasu. Otsala nane anali amalume, omwe anasiya kulima kalekale osathyoka paliponse.

Mvula yoyamba itagwa, mumsukumo munabwera kambalame. Msana wake unali wofiira ngati dothi la katondo, mutu wakuda wokhala ndi katsumba, ndipo diso linazunguliridwa ndi kamzere kabuluu. Mchira unali wautali kuposa thupi, ngati nsanza ziwiri zikulendewera. Kankangokhala phee panthambi. Ntchentche ikadutsa kankalumpha, kukamwa n'kumveka kuti tha, kenako n'kubwerera panthambi yomweyo.

Patapita masiku atatu kanabwera kena, kofanana nako koma kamchira waufupi.

"Ndi mwamuna ndi mkazi wake," ndinatero.

"Iwe, usandiphunzitse mbalame," anayankha amalume. "Iyo ni mitundu iwiri. Ndinabadwira m'thengo lino."

Ndinawafunsa maina a mitundu iwiriyo. Anati ankawadziwa m'Chisoli, chilankhulo cha mtundu wawo, koma anthu omwe akanawakumbutsa anamwalira onse.

Mbalamezo zinayamba kumanga chisa pamphanda ya kanthambi, poyera, ngati sizinamvepo za njoka. Zinkabweretsa timaudzu n'kumamata ndi ulusi wa kangaude, kunja n'kupakira ndere zapamakungwa. Chisacho chinali chaching'ono ngati kapu ya mwana. Ndinawaonetsa amalume kuti zonse ziwiri zikumanga.

"Wamchira waufupiyo ali pa ganyu," anatero.

Kenako zinayamba kufungatira mazira mosinthana. Yamphongo ikakhalapo, mchira sunkakwana m'chisa, unkangolendewera panja. Amalume anauyang'ana m'mawa wonse. Anakoka mpando wawo kufika pafupi ndi wanga, ndipo khwangwala atatera pamwamba, ndi iwo anadzuka n'kuthamanga kukamuponyera nsapato ya patapata. Ndinali ndisanawaonepo akuthamanga.

Mazira anaswa, tiana titatu. Makolo onse awiri ankabwera ndi ntchentche ndi agulugufe kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Masabata awiri asanathe, tianato tinali titauluka.

Madzulo a tsiku lomwe tianato tinauluka, akazi anga anafunsa ngati mkangano wathu unatha.

"Panalibe mkangano," anatero amalume. "Mitundu imakwatirana. Ineyo sindinakwatire Mnsenga?"