Khofi wa a Phungu pa Maliro a Akulu Anga

Ndinadzuka kusanache. Ndinagona pathumba, pakhonde la chigafa cha fodya, ndipo msana unali utauma. Moto wa abambo unali utatsala makala okha. Ena anali m'tulo chokhala, zipewa zili kumaso. M'nyumba ya siwa amayi a mpingo ankaimbabe, koma mawu anali atasasa.

Ndinayamba ndi kuyang'ana kumwamba. Nyenyezi kunalibe. Mphepo inkachokera cha ku Nambuma, yachinyezi. Sindinakondwe nayo.

Amene tinkaikayo anali akulu anga, mlimi wa fodya, munthu wosachuluka mawu. Bambo athu tinawaika mvula ikugwa, ife tili anyamata, ndipo bokosi lawo linachita kuti khuvu m'madzi tikuona. Akulu angawo sanaiwale. Ali m'chipatala, mphamvu zitatha, anandigwira dzanja nati, “Iwe, usadzandigoneke m'madzi ngati bambo.” Ndinavomera. Alamu anga, akazi awo, analipo ndipo anamva.

Choncho ndinagwirizana ndi akulu a mpingo kuti mwambo ukhale waufupi, dzuwa likamafika pamutu tikhale titakwirira. Mvula ya nyengo yothyola fodya imakonda masana. Adzukulu, amene amakumba manda ndi kunyamula maliro pamudzi pathu, anapita kumanda kukadali mdima. Kutacha ndinawatumizira ndowa ya tiyi ndi chimanga chophika. Kuseri kwa nyumba amayi anayatsa moto pamafuwa. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unkangokwawa pansi. Anthu anayamba kufika, ena panjinga kuchokera ku Nsaru, ena pangolo. Bambo wina wachisilamu wa golosale, mnzawo wa malemu, anapereka shuga kwa amayi, nakakhala kumbuyo.

Inali nthawi ya kampeni. Ine ndinaiwala zimenezo. Andale sanatiiwale.

Oyamba kufika anali a phungu athu. Galimoto anaisiya kumsewu, pamene tinaika masamba, nabwera wapansi. Anavala malaya otuwa ndi nsapato za matayala. Zidendene zawo zinali zosalala ngati za khanda. Titawapatsa mpando anakana, nati iwo ndi mwana wa mlimi. Anakhala pansi, koma anayamba asankha pouma. Bambo wina wonyamula chikwama ankawajambula pafoni. Dzina la malemu anafunsa kwa woyandikana naye, ine ndikumva.

Posakhalitsa anafika a shado, amene ankafuna mpando womwewo wa uphungu. Iwo anabwera pa kabaza, koma tonse tinaiona galimoto yawo itaima kuseri kwa sukulu, injini ikulira. Anali ndi gulu la anyamata.

A phungu ataona kuti maso a anthu apita kwa mnzawoyo, anaimirira nati akukathandiza adzukulu. Ndinawauza kuti kumanda sitipita adzukulu asanaitane. Anandisisita paphewa.

“Musadandaule, bambo, ife ndi anthu amodzi.”

Ndinawatsatira. Anyamata a shado nawonso anatsatira.

Dzenje linali litafika m'chifuwa. Adzukulu anali atatuluka, akumwa tiyi. Kwathu kuno chakudya cha adzukulu sachikhudza munthu wina. Iwo akakugawira ndi ulemu waukulu, ndipo umamaliza. Mkulu wawo anatunga kapu, napereka kwa a phungu ndi manja awiri. A phungu analandira, naigunditsa pamlomo, wa chikwama uja akujambula. Kenako anatembenuka ngati akusuzumira m'dzenje, nakhuthulira tiyiyo pamulu wa dothi. Wa chikwama anatulutsa fulasiki, nadzaza kapu ija msangamsanga.

Chikanakhala china mwina zikanadutsa. Khofi amanunkhira patali.

“Kodi tiyi wathu wada liti?” anafunsa mdzukulu wina.

Anyamata a shado anayamba kukuwa. “Bwana wa khofi! Tiyi wa amphawi amawatsegula m'mimba, eti?” Anaseka, pamphepete pa dzenje la akulu anga.

Mkulu wa adzukulu sanaseke. Anayang'ana dothi lonyowalo nati, “Mwataya tiyi wathu padothi lokwirira munthu. Ngati manja athu ndi onyansa, kumbani nokha.” Onse anagoneka makasu, nakakhala pansi pa mtengo.

Mlandu wotere suvuta. Wolakwa amagwada, amawomba m'manja, amapereka nkhuku, ntchito n'kupitirira. Ndinawauza a phungu zimenezi. Anayang'ana mafoni a anyamata aja, onse ali m'mwamba. Anati apereka ndalama. Adzukulu anati iwo sagulitsa tiyi. Munthu amene anakhala m'fumbi kuti amujambule analephera kupinda bondo kamodzi kokha. Anabwerera kumudzi akuyankhula pafoni.

Ndinathamangira kwathu. Nkhuku zinali zitatuluka kalekale. Ndinathamangitsa tambala m'chimanga, ine munthu wa imvi, tsiku loika mbale wanga. Ndinagwa, ndinadzuka. Nditamugwira ndinapita kukagwada ndine.

“Dzukani, bambo,” anatero mkulu wa adzukulu. “Wolakwa si inu.”

“Ndikudziwa,” ndinatero. “Taonani kumwambaku.”

Anaona. Komabe anakambirana nthawi yaitali, chifukwa ena ankati wolakwa abwere yekha, apo ayi mawa wina adzachitanso zomwezo. Sindinawatsutse, ankanena zoona. Pomaliza analandira tambala, natola makasu. Dzuwa linali litapendeka kale kuseri kwa mitambo.

Kunyumba akulu a mpingo anayesetsa kufupikitsa. Koma a shado anapempha kuti anene mawu awiri. Malemu anawatchula kamodzi, dzina molakwitsa. Kwina konseko inali nkhani ya khofi. Anati iwo anakulira thobwa, khofi sadziwa n'komwe kakomedwe kake. Anati dera lino latopa ndi mabwana a m'tauni. Anyamata awo anawomba m'manja, pamaliro. Ine ndinkaona botolo la madzi ogula likusuzumira m'thumba la jekete lawo. Thobwa limene amayi anawapatsa linali pansi pa benchi, ntchentche zikugweramo.

A phungu anati sangasiye osayankha. Anati khofiyo anawalamula ndi adokotala chifukwa cha matenda a shuga. Anati womwa khofi weniweni ndi mnzawoyo, m'mahotela a ku Lilongwe, ndipo anthu anene ngati anamuonapo atagwira khasu. Anthu anayamba kung'ung'udza, ena mbali iyi, ena mbali iyo. Bokosi linali pakati pa bwalo, palibe amene ankaliyang'ana. Alamu anali ataweramitsa mutu.

Ndinaimirira. Ndinati, “Tinyamule.” Mkulu wa mpingo anayambitsa nyimbo a phungu akadayankhula.

Tinanyamuka mabingu akugunda. Njira ya kumanda imadutsa m'minda ya fodya. Adzukulu anayenda mofulumira, amayi akuthamangira pambuyo, nkhata za maluwa zili m'manja. Madontho oyamba anatipeza pamunda wa akulu anga, pamene masamba apamwamba anali asanathyoledwe. Tisanafike pamitengo ya kumanda mvula inatsika yonse. Nditacheuka ndinaona a phungu akuthamangira kumsewu, nsapato imodzi ili m'manja. A shado anali atapita kale, ndipo sanapite pa kabaza.

M'dzenje madzi anali atafika m'mawondo. Adzukulu analowamo ndi ndowa ya tiyi ija, nayamba kukapa. Wina anathamangira kuchigafa kukatenga pepala la pulasitiki. Ine ndi bambo wa golosale uja tinaligwira pamwamba pa dzenje, mphepo ikutilanda. Akakapa madzi awa, ena ankalowera m'mbali. Mkulu wa mpingo anawerenga mawu buku atalibisa m'jekete. Kudikira sikunatheke, chifukwa dothi la m'mbali linayamba kugumukira mkati. Tinatsitsa. Bokosi litafika pansi ndinamva phokoso lomwe lija ndinalimva ndili mnyamata. Mkulu wa adzukulu anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kumbali. Tinakwirira ndi matope.

Madzulo anthu anabalalika, mvula inakata. Pabwalo panatsala mapazi m'matope, mafuwa akuda ndi mabenchi a kutchalitchi. Kunja kukuyamba kuda, galimoto inaima kumsewu. Ndinaganiza kuti mwina munthu wachita manyazi, wabwera kudzapepesa. Anali wa chikwama uja. Anati bwana aiwala fulasiki kumanda. Adzukulu anali ataisiya pakhonde. Ndinamulozera. Anaitenga, nathokoza, napita.

Ndinalowa m'nyumba. Amayi awiri achibale anali atagona pakona, atopa. Alamu anali pamphasa atatsamira khoma, pafupi ndi pamene panali bokosi. Kumanda kuja iwo anawaimika patali, pansi pa ambulera, ndiye m'dzenje sanaonemo. Ndinakhala pansi pafupi nawo. Denga linkadonthabe m'beseni.

“Alamu,” anatero, “kodi m'dzenje muja munali mouma?”

Ndinati, “Ayi.”

Anagwedeza mutu, nakokera chitenje kumapazi. Beseni litadzaza ndinakataya panja, ndi kulibwezera pamalo pake.